Mfumu inagwa pa hatchi, mlembi nalemba

Azakhali anga anabwera kuno ku Chipata kuchokera kumudzi, mbali ya Katete, kudzapimitsa maso, ndipo anakhala nafe ku Kapata milungu itatu. Madzulo aliwonse, malaiti akakhalapo, ana ndi amayi awo amaunjikana pa TV kuonera sewero la ku Korea la m'nyumba ya mfumu. Muli akazi a mfumu olimbirana kuti mwana wa yani adzalowe ufumu, nduna zonong'onezana kuseri kwa zitseko, ndi wophika amene wapatsidwa kanthu koti athire m'chakudya. Azakhali Chingerezi sachimva, ndipo timawu tolembedwa m'munsi mwa kanema sakanatiwerenga ngakhale maso akanakhala abwino. Koma pofika usiku wachitatu anali atamudziwa kale mwini chiwembu. Analoza nduna ina yokalamba imene inkawerama kuposa anzake onse pamaso pa mfumu, nati, "Uyo ndiye mwini nkhani. Mkaziyo angomutuma." Patapita magawo angapo zinaoneka kuti ananena zoona.

Nditawafunsa kuti anadziwa bwanji, anati, "Mwanangu, ine ndinakulira pakhomo pa mfumu. Amene amaomba m'manja kwambiri pabwalo ndi amene umamuyang'anitsitsa." Kenaka anafunsa funso limene linatiimitsa tonse: "Koma mkaziyu akuvutikiranji chotere? Kwathu mwana wa mfumu salowa ufumu. Amalowa ndi mwana wa mlongo wake." Kuchokera pa funso limenelo anayamba kufotokoza mmene ufumu wa mudzi wathu unayendera iwo ali mtsikana: amayi a mbumba amene anadzitsekera m'nyumba masiku awiri, muphwa wamkulu amene anamulumpha chifukwa cha ukali ndi mowa, wamng'ono amene anathawira kudimba atamva kuti dzina lagwera iye. TV tinazimitsa. Tinagona pakati pa usiku. Ine ndakula mpaka kukhala ndi ana a ku sekondale, koma nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo.

Pali anthu, makamaka azibambo anzanga, amene amati masewero amenewa ndi otayitsa nthawi, ophunzitsa akazi miseche ndi kukayikirana. Sindigwirizana nawo. Munthu amene watsatira sewero lotere kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza amakhala ataona mmene mphamvu zimayendera: kuti mfumu imamva zimene oizungulira alola kuti imve, kuti amene amatsegula chitseko nthawi zina amaposa amene wakhala pampando, kuti mlandu wa agogo umadzalipidwa ndi adzukulu. Zimenezi si zachabe. Koma chimene ndafuna kunena ndi china. Ndikamaonera masewero a ku Korea, zovala za silika ndi madenga opindika sizindigwira mtima kwenikweni. Ndimasirira kamunthu kamene kamakhala pakona ya bwalo, chogwada, burashi ili m'manja, kakulemba.

Kamunthu kameneko kanalikodi. Ufumu wa Joseon wa ku Korea, umene masewero ambiri otere amakambako, unayamba mu 1392, ndipo unali ndi alembi a mbiri amene ntchito yawo inali kutsatira mfumu ndi kulemba zimene yanena ndi zimene yachita. Lamulo linali lakuti mfumu isaone zolembazo. Mfumu ikamwalira ndi pamene ankazisonkhanitsa n'kupanga buku la ulamuliro wake. Mabuku amenewa, otchedwa Joseon Wangjo Sillok, alipo mpaka lero: mavoliyumu 1,893, ofotokoza mafumu 25 pa zaka 472, ndipo UNESCO inawalemba m'kaundula wake wa zolemba zofunika kusungidwa mu 1997. Mu 1404 Mfumu Taejong inagwa pa hatchi ili kosaka nyama. Itadzuka inauza anthu ake kuti mlembi asamve. Mlembi analemba kuti mfumu inagwa pa hatchi, nalembanso kuti inalamula kuti iye asamve. Zaka zoposa 600 zapita, ndipo tikuidziwa nkhaniyi kuno ku Chipata.

Ntchitoyi inali ndi mtengo wake. Mu 1498 Mfumu Yeonsangun inaona zina mwa zolemba zimene sinkayenera kuona, ndipo mlembi Kim Il-son anaphedwa pamodzi ndi ophunzira ena. Mu 1592, asilikali a Japan atalowa m'dzikomo, nyumba zosungiramo mabukuwa zinapsa kupatula ya ku Jeonju, ndipo anthu anawanyamula mabukuwo kukawabisa kuphiri. Nkhondo itatha anawakoperanso n'kuwagawa m'malo angapo a m'mapiri kuti moto umodzi usadzathe zonse. Nkhani yoopsa kwambiri ya banja lachifumulo, ya Mfumu Yeongjo imene mu 1762 inatsekera mwana wake Sado m'bokosi losungira mpunga mpaka anamwalira patapita masiku 8, inalembedwanso ndi mkazi wa malemuyo, Hyegyeong, atakalamba, m'zilembo za Chikorea zimene akazi ankagwiritsa ntchito, osati m'Chitchaina cha anthu ophunzira. Wolemba sewero wa ku Seoul akafuna nkhani, nkhokwe ili yodzaza. Amangotapa.

Sindikunena kuti masewerowa amanena zoona zokhazokha. Lotchuka kwambiri, Dae Jang Geum, limene wailesi ya kanema ya ku Korea yotchedwa MBC inayamba kuonetsa mu 2003 ndipo lili ndi magawo 54, limakamba za mayi amene anali sing'anga wa Mfumu Jungjong. M'mabuku a mbiri mayiyu amatchulidwa mwachidule, malo owerengeka chabe, monga mkazi wodziwa zamankhwala amene mfumu inkamudalira. Zonse za kukhitchini ya mfumu, mpikisano wa kuphika ndi adani ake, anazipeka olemba. Koma taonani ubwino wake: mwana wa sukulu ku Korea akafuna kudziwa pamene zoona zathera ndi pamene zopeka zayambira, ali ndi poyang'ana. Sewero likhoza kunama momasuka chifukwa buku lilipo loti liliwongole.

Tsono ife tili ndi chiyani?

Nkhani tili nazo, ndipo sizichepa mphamvu. Zwangendaba, mtsogoleri wa Angoni, anachoka kum'mwera Shaka atagonjetsa Andwandwe, nawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachitika kadamsana. Atamwalira kumtunda, mbali ya Ufipa m'dziko limene lero ndi Tanzania, nyumba zake zinakangana za wolowa ufumu, ndipo mtundu unagawika: a Mpezeni njira yawo, a M'mbelwa njira yawo, ena kulowera kwina. Akuluakulu amasimba za tsitsi limene linapezeka mu mowa wopita kwa nkhosi, za mkwiyo umene unagwera nyumba imene inafulula mowawo, ndi za Soseya, mayi wa Mpezeni, amene anabisidwa ali ndi pakati. A ku Mzimba amaisimba mwina, a kuno amaisimba mwina, ndipo kusiyana kumeneko ndiye mtima wa nkhaniyo. Bwerani kufupi: Mpezeni atakalamba, Mjeremani Carl Wiese ali pakhomo pake ndi pepala la chilolezo cha malo ndi miyala, kampani ya North Charterland ikuyembekeza golide, mwana wake Nsingo ndi anyamata a nkhondo akuona kuti dziko likupita. Bambo akufuna kudekha, mwana akufuna nthungo. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angerezi anabwera ndi mfuti zazikulu kuchokera ku Nyasaland, Nsingo anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, nkhalamba Mpezeni inatengedwa kupita ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji, ndipo itamwalira mu 1900 ufumu unagwera mdzukulu amene anali akali mwana. Nc'wala inazima kuchokera nthawi imeneyo mpaka inadzatsitsimutsidwa mu 1980. Kodi usiku womaliza nkhondo isanayambe, bambo ndi mwana anauzana chiyani? Amayi a nyumba zikuluzikulu anaima mbali iti? Alipo okalamba ku Feni ndi ku Mtenguleni amene anamva zina kwa agogo awo. Chaka chilichonse akuchepa.

Kwa ife Achewa nkhaniyo ndi yokoma mwa mtundu wina, ndipo funso la azakhali lija ndi limene linanditsegula maso. M'masewero a ku Korea ndi a ku Turkey, nkhondo ya m'nyumba ya mfumu ndi ya akazi a mfumu, chifukwa ufumu umatsata bambo. Kwathu mphamvu ili kwa alongo a mfumu ndi amayi ake. Mbiri imati Undi atalumphidwa pa ufumu wa Kalonga anachoka napita ku Mano, ndipo sanapite yekha. Anatenga Nyangu, mayi wa ufumu, pamodzi ndi akazi a banja lachifumu. Ganizirani tanthauzo lake: anasiya mpando, natenga mimba zobereka eni mpando. Ndi wolemba sewero uti, wa dziko liti, amene anapekapo chinthu chanzeru chotere? Ndipo kuno ku Chipata, kumene Angoni otsata bambo akwatirana ndi Achewa ndi Ansenga otsata mayi kwa zaka zoposa 100, mwana mmodzi akhoza kukhala ndi ufulu mbali zonse ziwiri, mnzake n'kupezeka alibe mbali iliyonse. Mabanja ambiri a kuno akuidziwa nkhani imeneyi ndi misozi.

Vuto lathu ndi nthawi imene timasimba nkhanizi. Timazisimba pawiri pokha. Poyamba ndi pamwambo, ku Mtenguleni pa Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale kapena ku Mkaika pa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti, pamene wolankhula amawerenga mbiri ya mtundu pamaso pa alendo ndi akuluakulu a boma. Mbiri ya tsiku limenelo ndi yotamanda, ndipo ndi mmene iyenera kukhalira. Palibe amene amapita ku Kulamba kwa Gawa Undi kuti akamve za mikangano ya makolo. Pachiwiri ndi pamaliro a mfumu, mpando ukakhala wopanda munthu. Pamenepo aliyense amakumbukira mbiri imene ikukomera muphwa wake. Amene anali chete zaka makumi atatu amatulukira ndi mndandanda wa mayina umene palibe anaumvapo. Mlandu suola, ndipo mikangano ya ufumu imatha zaka m'makhoti, midzi itagawikana, anthu osayenderana ngakhale pamaliro, minda ikugawidwa ndi anthu awiri osiyana.

Zimenezi zakula kulemera masiku ano. Malamulo aakulu a dziko lino la Zambia, monga anakonzedwera mu 2016, pa Article 165 amati ufumu uziyenda motsata chikhalidwe ndi miyambo ya eni ake, ndipo amaletsa Nyumba ya Malamulo kupatsa munthu aliyense mphamvu yovomereza kapena kuchotsa mfumu. Ndi lamulo labwino, chifukwa linachotsa ufumu m'thumba la andale. Koma ngati mwambo ndiwo woweruza, umboni wa mwambowo uli kuti? Uli m'mitu ya amayi okalamba onga azakhali anga, amene palibe amawafunsa mpaka tsiku la mkangano, pamene mawu awo amayamba kukayikiridwa chifukwa aliyense akudziwa mbali imene ali.

Ndikudziwa zimene ena adzanena, ndipo sindizipeputsa. Adzati za kunyumba ya mfumu si za pamsewu, kuti pali zinthu zimene mwana sayenera kumva, kuti ulemu wa mfumu umakhala m'zobisika. Ndikuvomera kuti zilipo zotere. Za kudambwe ndi za kudambwe. Za kutsimba ndi za anamkungwi. Mmene mfumu imaikidwira m'manda si nkhani ya pa Facebook, ndipo amene amajambula zinthu zotere pa foni amandikwiyitsa monga amakwiyitsira aliyense. Koma kuti mfumu yakutiyakuti inabadwa kwa mayi uti, kuti analumphidwa ndani ndipo chifukwa chiyani, kuti malire a mudzi anagwirizana pa mtengo uti, izi si zinsinsi za mizimu. Ndi mbiri ya anthu onse okhala pansi pa ufumuwo. Kawirikawiri tikamati "izi sizinenedwa" timakhala tikuteteza manyazi a banja, osati mwambo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye timangoti palibe khoswe.

Kukwiya kwa akuluakulu nkhani zotere zikatuluka si kwathu kokha. Ku Turkey, sewero lonena za Sultan Süleyman, amene analamulira kuyambira 1520 mpaka 1566, linadzudzulidwa poyera mu 2012 ndi Recep Tayyip Erdoğan, pamenepo ali nduna yaikulu, chifukwa linkaonetsa mfumuyo ili kwa akazi ake m'malo moionetsa pankhondo. Komabe zoti Süleyman anaphetsa mwana wake Mustafa mu 1553 zinalembedwa kalekale, ndipo dzina lake silinagwe nazo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mfumu imene mbiri yake ili ndi zabwino zokhazokha ana saikhulupirira, ndipo akakula amasiya kumvetsera. Nsingo amandigwira mtima chifukwa anali munthu amene anatsutsana ndi bambo ake, nasankha, nalipira ndi moyo.

Chodandaula chachiwiri ndi cholemera kuposa choyamba. Cholembedwa chimauma. Nkhani ya pakamwa imapuma, imalola mbumba kukonza zinthu mwamtendere, pamene pepala likangolembedwa molakwa limasanduka chibonga. Taziona izi: zimene bwanamkubwa wachitsamunda analemba atamva kwa womasulira mmodzi, lero zimatengedwa ngati choonadi chomaliza. Yankho langa ndi lakuti vuto la mapepala amenewo ndi kuchepa kwawo. Analemba munthu mmodzi, mlendo, atamva mbali imodzi. Wofufuza za chikhalidwe J. A. Barnes anakhala pakati pa Angoni a Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, m'zaka za m'ma 1940 ndipo buku lake linatuluka mu 1954, ntchito yabwino ndithu, koma ili m'Chingerezi ndipo ndi angati ku Feni amene analigwirapo? Samuel Ntara analemba mbiri ya Achewa m'chinenero chathu, koma anali kutsidya, ku Malawi, ndipo sakanafika m'mudzi uliwonse. Mankhwala a pepala limodzi lolakwa ndi mapepala khumi, lililonse lili ndi dzina la wosimba, mudzi wake, chaka chimene anasimba, ndi ubale wake ndi mpando. Nyumba iyi ikati zinayenda chotere, ilembedwe. Nyumba inayo ikatsutsa, ilembedwenso, pambali pake, popanda wolemba kugamula. Ndipo zilembedwe mfumu ili moyo, mudzi uli pamtendere, pamene palibe amene akupindula ndi bodza.

Sindikupempha ndalama zambiri. Foni imene timaonerapo masewero ikhoza kujambula mawu maola ambiri. Tili ndi mawailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria amene amalankhula chinenero chathu ndipo okalamba amawakhulupirira. Tili ndi aphunzitsi a Cinyanja ndi a mbiri m'masekondale a Chipata, Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi, amene ana awo akhoza kupita kwa agogo pa tchuthi ndi mafunso khumi. Makomiti amene amakonza Nc'wala, Kulamba, Tuwimba ndi Malaila amadziwa kusonkhanitsa anthu ndi chuma chaka ndi chaka. Atapatula kagawo kochepa kuti pa ufumu uliwonse pakhale mlembi wachinyamata, wosachokera m'banja lachifumu, ndipo zolembazo zisungidwe malo atatu, kunyumba ya mfumu, kusukulu ndi ku National Archives ku Lusaka, tikhala titachita zimene Akorea anaphunzira moto utawatentha mu 1592. Chovuta chenicheni ndi chimodzi, ndipo ndikuchipempha mwaulemu kwa mafumu athu, Nkhosi yama Nkhosi, Kalonga Gawa Undi ndi onse a pansi pawo: mlembiyo aloledwe kulemba tsiku limene mfumu yagwa pa hatchi.

Sewero lidzabwera pambuyo pake. A ku South Africa anaonetsa kale kuti n'zotheka pamene wailesi ya kanema ya Mzansi Magic inayamba kuonetsa sewero lalikulu la Shaka mu 2023, m'Chizulu, ndipo ambiri kuno analitsatira podziwa kuti m'nkhani imeneyo ndi mmene muli chiyambi cha ulendo wa Angoni. Achinyamata athu odziwa kamera alipo. Koma akadzafuna kujambula za Nsingo kapena za Undi ndi Nyangu popanda nkhokwe ya mawu a okalamba, adzatenga chiwembu cha ku Korea n'kuchiveka nthenga ndi zikopa. Mudzaona mkazi wa mfumu ya Chichewa akuthira mankhwala m'chakudya kuti mwana wake alowe ufumu, ndipo azakhali anga, ngati adzakhale ali moyo, adzafunsanso kuti akuvutikiranji.

Masiku atatu omaliza asanabwerere kumudzi, ndinawakhazika pakhonde madzulo, foni ili pampando pakati pathu. Poyamba ankachita manyazi ndi kachipangizoko, koma atayamba kutchula mayina a amayi a mbumba anaiwala kuti kalipo. Tinajambula maola anayi ndi theka. Pena ankaima n'kunena kuti, "Apa zimitsa," ndipo ndinkazimitsa. Zimene ananena foni ili yozima zili m'mutu mwanga, ndipo sindidzazilemba. Titamaliza anandiuza kuti kutsidya la dambo kuli mayi wina wamkulu kuposa iwo, mdzukulu wa muphwa uja analumphidwa, amene mabanja athu sanakhalirane pansi kuyambira kale.

"Upite ukawaone mvula isanayambe," anatero. "Utenge shuga ndi chitenje. Adzakuuza kuti agogo awo sankamwa mowa ndipo anawabera ufumu. Usakawatsutse. Ukajambule monga wajambulira ine."

Ndauza mwana wanga wamkazi wamkulu, amene ndiye mwini rimoti nthawi ya sewero la ku Korea, kuti tikapita limodzi pa tchuthi cha Ogasiti, ndipo mafunso akafunsa ndi iye.